Kodi majini angalosere mathero a khansa ya chithokomiro?

M'chaka cha 2022, anthu pafupifupi 821,000 padziko lonse adapezeka ndi khansa ya chithokomiro, ndipo amene adamwalira nayo m'chaka chomwecho adali pafupifupi 47,500. Ziwerengerozi, zomwe lidatulutsa bungwe la International Agency for Research on Cancer, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, zikuonetsa chimene chimasiyanitsa khansa imeneyi ndi zinzake zambiri. Ochuluka mwa amene amapezeka nayo amachira, kapena amakhala nayo zaka zambirimbiri mpaka kudzamwalira ndi matenda ena. Koma m'kati mwa khamu la ochiralo muli kagulu kochepa ka anthu amene khansa yawo imabwerera, imafalikira m'mapapo ndi m'mafupa, mpaka kuwatengera kumanda.

Mutu wa dokotala umaima pamenepo. Odwala awiri akhoza kufika tsiku limodzi ali ndi zotupa zofanana kukula, zooneka chimodzimodzi pa makina ounikira ngakhalenso pa maikulosikopu. Mmodzi opaleshoni yaing'ono imukwanira, winayo afunika kumuchotsa chithokomiro chonse, kumupatsa mankhwala amphamvu ndi kumulondoloza moyo wake wonse. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, akatswiri akhala akusakasaka njira yosiyanitsira awiriwa madzi asadafike m'khosi, ndipo maso awo ali pa majini a m'chotupacho.

Pamene dziko lino lidatsegula chipatala chachikulu cha khansa cha National Cancer Centre ku Lilongwe m'chaka cha 2025, funso la zoyezera zimene tiyenera kugula msanga ndi zimene zingadikire lasanduka lathu. Amalawi amene amakalandira chithandizo ku India kapena ku South Africa nawo akhoza kubwerera ndi mapepala olembedwa mayina ngati BRAF, TERT ndi RET. Nkoyenera kudziwa zimene mayinawa akunena, ndi pamene ulosi wake umathera.

Chiwalo chaching'ono, ntchito yaikulu

Pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku, tikati munthu ali ndi chithokomiro timatanthauza kutupa kwa pakhosi. Komatu chithokomiro ndi chiwalo chimene munthu aliyense ali nacho, kanyama kooneka ngati gulugufe kamene kali kutsogolo kwa khosi, chakumunsi kwa kholingo. Chimatenga ayodini wa m'zakudya n'kupanga mahomoni amene amawongolera kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ya chakudya ndi kakulidwe ka ubongo wa mwana. Mwa zotupa khumi zilizonse zimene zimapezeka m'chiwalochi, pafupifupi zisanu ndi zinayi si khansa.

Khansa yake ili m'magulu anayi akuluakulu. Yofala kwambiri ndi papillary, yomwe m'maiko ambiri imapezeka mwa odwala oposa 80 pa 100 alionse ndipo kawirikawiri imakula pang'onopang'ono. Yotsatira ndi follicular, yomwe imakonda kuyenda m'magazi. Medullary ndi yosowa ndipo imachokera m'maselo a mtundu wina, pomwe anaplastic, yosowa kwambirinso, ndi imodzi mwa khansa zopha msanga zimene madokotala amadziwa. Amayi amapezeka ndi khansa ya chithokomiro kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi abambo.

Chithandizo chake chili ndi mtengo umene sulembedwa pa risiti. Munthu akachotsedwa chithokomiro chonse amamwa piritsi la levothyroxine tsiku lililonse mpaka kumwalira. Mtsempha umene umayendetsa mawu umadutsa kuseri kwa chiwalochi, ndipo ukavulala pa opaleshoni mawu amasasa, nthawi zina mpaka kalekale. Pomwepo palinso tiziwalo tinayi tating'ono timene timawongolera kashiamu wa m'magazi, ndipo tikawonongeka munthu amachita dzanzi ndi kukokana kwa minofu. Nchifukwa chake kulosera molakwika kumapweteka mbali zonse ziwiri: kupeputsa khansa yoopsa kumatayitsa moyo, ndipo kukokomeza khansa yofatsa kumasiyira munthu chilema chimene sichidali chofunika.

Zimene zidachitika ku South Korea ndi ku Japan

M'chaka cha 1999, boma la South Korea lidayambitsa ndondomeko yoyeza khansa zingapo mwa anthu ambiri. Khansa ya chithokomiro sidali pa ndondomekoyo, koma zipatala zambiri zinkawonjezerapo sikani ya pakhosi pa mtengo wotsika. Pofika 2011, chiwerengero cha opezeka ndi khansayi chidali chitawirikiza ka 15 poyerekeza ndi cha 1993, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichidasunthe. Lipoti lomwe lidatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2014 lidaonetsa kuti makinawo ankangovumbula tizotupa tating'ono timene sitikadavutitsa eni ake, chonsecho pafupifupi onse opezeka nato ankachitidwa opaleshoni. Chaka chomwecho madokotala asanu ndi atatu a m'dzikomo adalankhula poyera kutsutsa mchitidwewo, ndipo m'chaka chimodzi chokha maopaleshoni adatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ku Japan adatenga njira ina. Kuyambira 1993, chipatala cha Kuma mumzinda wa Kobe, potsatira ganizo la dokotala Akira Miyauchi, chidayamba kupatsa odwala a khansa ya papillary yosaposa sentimita imodzi mwayi wongoyang'aniridwa popanda opaleshoni. Mwa odwala 1,235 amene lipoti la 2014 lidafotokoza, pafupifupi 8 pa 100 alionse ndi amene chotupa chawo chidakula ndi mamilimita atatu kapena kuposerapo m'zaka khumi, ndipo palibe amene adamwalira ndi khansayo.

Nkhani ziwirizi zidasintha funso limene madokotala amafunsa. Kudziwa kuti chotupa ndi khansa sikukwaniranso, chofunika ndi kudziwa khalidwe lake.

BRAF, swichi yokana kuzima

Majini amene akukambidwa pano si mizimu ija imene ena amati imagwira anthu. Ndi malangizo olembedwa mu DNA ya selo lililonse, okwana pafupifupi 20,000, amene amauza selo nthawi yokula, yogawikana ndi yofa. Selo likamagawikana limakopera malangizowa, ndipo nthawi zina chilembo chimodzi chimalakwika. Zolakwika zambiri sizibweretsa vuto, koma zikagwera pa jini imene imalamulira kukula, khansa imatha kuyamba. Pa khansa ya chithokomiro, zolakwika zambiri zimachitika m'maselo a chotupacho mokha munthu atabadwa kale, kotero kuti sizichokera kwa makolo ndipo sizipita kwa ana.

Jini yotchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi BRAF. Ntchito yake ili ngati ya swichi imene imayaka selo likafunika kugawikana, n'kuzimanso ntchitoyo ikatha. Cholakwika chotchedwa V600E, chomwe chimasintha kachidutswa ka nambala 600 pa puloteni ya BRAF, chimachititsa kuti swichiyo ikhale choyakira. Akatswiri otsogozedwa ndi a Sanger Institute ku Britain adachilengeza mu 2002 atachipeza kwambiri mu khansa yapakhungu ya melanoma, ndipo mu 2003 chidapezekanso mu khansa ya chithokomiro. Pafupifupi theka la zotupa za papillary zili nacho. Kafukufuku wamkulu wa The Cancer Genome Atlas ku America, yemwe adaunika zotupa 496 n'kutulutsa zotsatira mu 2014, adachipeza mwa zotupa pafupifupi 60 pa 100 zilizonse.

Pali chifukwa chomveka chochiopera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, madokotala akhala akugwiritsa ntchito dyera la chithokomiro pa ayodini ngati msampha: wodwala amamwa ayodini wotulutsa cheza, maselo a khansa n'kumumeza, chezacho n'kuwapha kulikonse kumene abisala. BRAF V600E imafooketsa khomo limene ayodini amalowera m'selo, kotero kuti zotupa zina zokhala ndi cholakwikachi zimasiya kumeza nyamboyo.

Umboni woyamba waukulu udatuluka mu 2013 m'magazini ya JAMA. Gulu lotsogozedwa ndi Mingzhao Xing wa pa yunivesite ya Johns Hopkins lidasonkhanitsa mbiri ya odwala 1,849 ochokera m'zipatala 13 za m'maiko asanu ndi awiri. Mwa amene adali ndi BRAF V600E, 5.3 peresenti adamwalira, pomwe mwa amene adalibe adamwalira 1.1 peresenti. Kusiyanaku kudamveka patali, ndipo madokotala ena adayamba kuganiza kuti aliyense wopezeka ndi cholakwikachi ayenera opaleshoni yaikulu.

Koma lipoti lomwelo lidali ndi mbali ina. Ofufuzawo ataganizira zinthu zimene dokotala amaziona kale, monga ngati khansa yabooleza kunja kwa chithokomiro, yafika m'timinofu ta m'khosi tija timene tikatupa timati mwanabele, kapena yafalikira kutali, mphamvu ya BRAF payokha polosera imfa idachepa mpaka kusadalirika. Komanso masamu ake ndi osavuta: ngati theka la odwala ali ndi cholakwikachi, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse amene ali nacho adali moyo pamapeto pa kafukufuku, ndiye kuti kuchitenga ngati chigamulo kungapititse anthu ochuluka pansi pa mpeni popanda phindu. Ngakhale tizotupa tating'ono tofatsa ngati timene a ku Kobe amangotiyang'anira, tambiri tili ndi BRAF V600E.

Chala chachiwiri

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo zikuoneka kuti khansa nayo imayendera lamulo lomweli. Chala chachiwiricho chidadziwika mu 2013, pamene zolakwika za pa jini ya TERT zidapezeka mu melanoma, kenako mu khansa ya chithokomiro.

Kumapeto kwa ulusi uliwonse wa DNA kuli chotchinga chotchedwa telomere, chimene chimagwira ntchito ngati mkombero wa lichero woletsa nsungwi kumasuka. Selo likagawikana, chotchingacho chimafupika pang'ono, ndipo chikatha selo limakalamba n'kuleka kugawikana. Umu ndi momwe thupi limaikira malire pa moyo wa maselo. Jini ya TERT imapanga mbali yaikulu ya telomerase, chida chimene chimalukanso mkomberowo, ndipo ntchito yotulukira zimenezi idapezetsa Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak mphoto ya Nobel mu 2009. M'maselo ambiri a munthu wamkulu TERT imakhala yozima. Zolakwika ziwiri zotchedwa C228T ndi C250T zimaiyatsanso, ndipo selo la khansa limapeza mwayi wogawikana popanda malire.

Zolakwikazi zimapezeka mwa zotupa za papillary pafupifupi 10 pa 100 zilizonse, koma zimachuluka khansa ikamaipiraipira, mpaka kufika pafupifupi 70 pa 100 mu anaplastic. Mu 2014 gulu la Xing lidaunika odwala 507, ndipo lidapeza kuti khansa idabwerera mwa 68.6 peresenti ya amene adali ndi zolakwika zonse ziwiri, cha BRAF ndi cha TERT, poyerekeza ndi 8.7 peresenti ya amene adalibe chilichonse. Mu 2017 magazini ya JAMA Oncology idatulutsa zotsatira za odwala 1,051. Mwa anthu 629 opanda cholakwika chilichonse mwa ziwirizi, anayi okha adamwalira ndi khansayo, yomwe ndi 0.6 peresenti. Mwa amene adali ndi cha BRAF chokha adamwalira 2.4 peresenti, a TERT chokha 6.3 peresenti, koma mwa anthu 66 amene adali ndi zonse ziwiri adamwalira 15, yomwe ndi 22.7 peresenti.

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse. BRAF imauza selo kuti lizigawikana mosalekeza, TERT imachotsa malire amene akadaliimitsa, ndipo kafukufuku wa m'malabotale waonetsa kuti BRAF yolakwika imasonkhezeranso moto wa TERT yolakwikayo. Ziwirizi zikakumana, zimaloza kagulu kochepa, ka odwala pafupifupi 6 pa 100 alionse mu kafukufuku uja, kamene kamasenza gawo lalikulu la imfa. Ngakhale zili choncho, oposa atatu mwa anayi alionse a m'kaguluka adali asadamwalire ndi khansayo pamene kafukufuku ankatha. Chimene majini amapereka ndi mlingo wa chiopsezo, ndipo mlingowo umathandiza dokotala kudziwa wodwala amene sayenera kumuphethira.

TERT ikuthandizanso kumvetsa chifukwa chake msinkhu uli ndi mphamvu yaikulu pa khansayi. Zolakwika zake zimakonda achikulire ndipo mwa ana sizipezekapezeka. Ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl pa 26 April 1986 idapereka umboni wowawa. Ana a ku Ukraine, Belarus ndi Russia amene adamwa mkaka woipitsidwa ndi ayodini wotulutsa cheza adadwala khansa ya chithokomiro mwaunyinji, ndipo zotupa zawo zambiri zidali ndi cholakwika cha mtundu wina, cha majini awiri oduka n'kulumikizana molakwika, makamaka okhudza RET. Khansa zawo zinkafalikira msanga m'khosi, komabe komiti ya United Nations yoona za cheza idapeza kuti mwa odwala oposa 6,000 amene adalembedwa pofika 2005, omwalira adali 15.

Pamene dzina loti khansa lidafufutidwa

Majini ena amabweretsa uthenga wotonthoza. Zolakwika za m'banja la majini a RAS zimapezeka kwambiri mu khansa ya follicular, koma zimapezekanso m'zotupa zimene si khansa n'komwe, choncho pazokha sizitsimikiza zoopsa. Kafukufuku wa 2014 uja adaonetsa kuti zotupa zimene zinkatchedwa papillary zili m'mabanja awiri, lofanana ndi BRAF ndi lofanana ndi RAS, ndipo makhalidwe awo ndi osiyana.

Mu 2016, gulu la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana lotsogozedwa ndi Yuri Nikiforov wa pa yunivesite ya Pittsburgh lidaunikanso mtundu wina wa chotupa chokutidwa bwino ndi chikopa chake, chosabooleza kunja, chimene kwa zaka zambiri chinkatchedwa khansa. Mwa odwala 109 amene adalondolozedwa kwa zaka 10 mpaka 26, palibe amene adamwalira nacho kapena kubwereredwa. Majini a zotupazo adali a m'banja la RAS, opanda BRAF V600E. Gululo lidachotsa mawu oti khansa pa dzina lake n'kuchitcha NIFTP, ndipo World Health Organization idavomereza dzinali mu 2017. Ofufuzawo adayerekeza kuti kusinthaku kukhudza anthu oposa 45,000 chaka chilichonse padziko lonse, anthu amene tsopano akhoza kuchotsedwa mbali imodzi yokha ya chithokomiro n'kubwerera kwawo opanda mtolo wa dzina loopsa lija.

Kumene jini imalamuladi

Pali malo amodzi pamene ulosi wa majini uli ndi mphamvu yosakayikitsa. Pafupifupi mmodzi mwa odwala anayi a khansa ya medullary amabadwa ndi cholakwika cha jini ya RET chochokera kwa kholo, zomwe zidatsimikizika mu 1993. Mwana aliyense wa kholo lotere ali ndi mwayi wa theka wotengera cholakwikacho, ndipo ambiri mwa otengera amadzadwala khansayi. Malo enieni pamene chilembo chalakwika amasonyeza msinkhu umene matenda angayambire. Malangizo a bungwe la American Thyroid Association a mu 2015 amati mwana wokhala ndi cholakwika cha M918T achotsedwe chithokomiro asadakwanitse chaka chimodzi, ndipo wa cholakwika cha pa nambala 634 achotsedwe pofika zaka zisanu kapena asadafike. Uku ndi kuchita opaleshoni pa mwana wooneka wathanzi chifukwa cha chilembo chimodzi cha DNA, ndipo kwapulumutsa mabanja amene kale ankaika maliro m'badwo uliwonse osadziwa chifukwa.

Pa khansa ya anaplastic, majini asintha nkhani mwa njira ina. Zotupa zake zimakhala zitaunjika zolakwika zambiri, kuphatikizapo za TERT ndi za TP53, jini imene imayenera kuletsa maselo owonongeka kuchulukana. Kwa zaka zambiri theka la odwala ankamwalira isadathe miyezi isanu ndi umodzi. Mu May 2018, bungwe loona za mankhwala ku America la Food and Drug Administration lidavomereza mankhwala awiri ophatikiza, dabrafenib ndi trametinib, kwa odwala anaplastic okhala ndi BRAF V600E, zotupa za odwala 11 mwa 16 oyamba kuyesedwa zitafota. Mu 2020 lidavomerezanso selpercatinib kwa odwala okhala ndi zolakwika za RET. Cholakwika chomwecho chimene chinkangolosera zoipa chasanduka chandamale cha mankhwala, ndipo kwa wodwala amene khansa yake yapita patali, phindu la kuyeza majini lagona kwambiri pamenepa.

Malire a ulosi

Ngakhale umboni wachuluka chotere, ndondomeko imene madokotala padziko lonse amagwiritsa ntchito poika khansa m'masiteji, yomwe kope lake lachisanu ndi chitatu lidayamba kugwira ntchito mu 2018, siwerengera majini pa khansa ya chithokomiro. Imayang'ana kukula kwa chotupa, kumene chafika ndi msinkhu wa wodwala, ndipo malire a msinkhuwo adakwezedwa kuchoka pa zaka 45 kufika pa 55. Chifukwa chimodzi nchakuti kafukufuku wambiri wa BRAF ndi TERT adachitika poyang'ana m'mbuyo, m'mafayilo a odwala amene adathandizidwa kale. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti cholakwika chimayendera limodzi ndi mathero oipa, koma satsimikiza kuti kusintha chithandizo chifukwa cha cholakwikacho kumatalikitsa moyo.

Chachiwiri nchakuti zotupa zokhala ndi zolakwika ziwiri zija kawirikawiri zimakhala zitadziulula kale. Zimakhala zazikulu, zobooleza, za anthu achikulire, moti dokotala wa maso akuthwa amakhala atazikayikira asadaone zotsatira za majini. Chachitatu ndi mtengo: zoyezera zikuluzikulu zimene zimaunika majini ambirimbiri nthawi imodzi, monga ThyroSeq ndi Afirma, zimadya madola masauzande angapo ku America.

Chachinayi chikukhudza ife mwachindunji. Pafupifupi umboni wonse wachokera kwa odwala a ku America, ku Ulaya ndi kum'mawa kwa Asia, ndipo ngakhale pakati pa maderawa ziwerengero zimasiyana, BRAF V600E imapezeka kwambiri ku South Korea kuposa ku Ulaya. Odwala a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi ochepa zedi m'mabuku a kafukufukuyu. Kumadera kumene ayodini wakhala akusowa m'zakudya, khansa ya follicular imachuluka poyerekeza ndi kwina, ndipo malipoti a zipatala za m'maiko angapo a mu Africa aonetsa zomwezo. Izi zikutanthauza kuti muyezo wosulidwa pa odwala a ku Baltimore kapena ku Seoul suyenera kungotengedwa ngati kuti udasulidwira wodwala wa ku Ntcheu.

Choyamba nchiti kuno kwathu?

Malawi ndi limodzi mwa maiko amene adalimbana ndi kusowa kwa ayodini, ndipo lamulo lokakamiza kuthira ayodini mumchere lidakhazikitsidwa mu 1995. Achikulire ambiri a lero adakula lamuloli lisadabwere, ndipo kutupa kwa pakhosi kudazolowereka moti ena amakhala nako zaka zambiri osapita kuchipatala. Vuto lathu likusiyana ndi la South Korea: kumeneko ankapeza tizotupa tosafunika kupezedwa, kuno chiopsezo chachikulu ndi kufika mochedwa. Ndiponso khansa zimene zikupha Amalawi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi Kaposi sarcoma, ndipo ndalama zochepa za unduna wa zaumoyo ziyenera kuyamba zafika kumeneko.

Choncho mndandanda wa zofunika uli ndi dongosolo lake. Poyamba pafunika sikani ya pakhosi yowerengedwa ndi munthu wophunzitsidwa bwino, kutenga maselo a chotupa ndi kajakisoni kakang'ono, akatswiri okwanira owaunika pa maikulosikopu n'kubweza zotsatira msanga, madokotala a opaleshoni odziwa kuteteza mtsempha wa mawu, ndi levothyroxine wosasowa m'mafamase a zipatala za boma. M'dziko limene mankhwala amatha m'zipatala nthawi ndi nthawi, kuchotsa chithokomiro chonse kwa munthu amene theka likadamukwanira ndi kumumangirira ku piritsi limene tsiku lina sadzalipeza.

Izi sizikutanthauza kuti majini ndi nkhani ya maiko olemera okha. Pali njira yotsika mtengo yopezera BRAF V600E pogwiritsa ntchito mankhwala opaka pa kachidutswa ka chotupa otchedwa VE1, amene adatulukira ku Heidelberg m'dziko la Germany mu 2011, ndipo labotale imene imapaka kale mankhwala otere pa khansa zina ikhoza kuphunzira njirayi. Nkhondo yolimbana ndi HIV, chifuwa chachikulu ndi Covid-19 yasiyanso m'dziko muno makina a PCR ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito. Nzeru ingakhale kusunga kuyeza majini kwa odwala ochepa amene zotsatira zake zingasinthe chochita: amene khansa yawo yabwerera kapena yafalikira, amene akuganiziridwa anaplastic, ndi onse opezeka ndi medullary pamodzi ndi abale awo. Kamuzu University of Health Sciences ndi zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central zili pa malo abwino osunga zidutswa za zotupa ndi mbiri ya odwala, kuti tsiku lina tidzakhale ndi ziwerengero zathuzathu.

Kwa wowerenga amene wagwira pepala lolembedwa kuti chotupa chake chili ndi BRAF V600E, mawuwo paokha asamuthetse nzeru, pakuti theka la odwala anzake ali ndi cholakwika chomwecho ndipo ochuluka zedi amachira. Mafunso oyenera kufunsa dokotala ndi akuti khansayo ndi ya mtundu wanji, yafika pati, TERT idayezedwa kapena ayi, ndipo zotsatirazo zisintha chiyani pa chithandizo. Amene m'banja mwawo anthu angapo adwalapo khansa ya chithokomiro ayenera kunena zimenezi poyera, chifukwa ndi pamene kuyeza magazi a ana kungapulumutse moyo. Ndipo aliyense amene chotupa chake chapakhosi chayamba kukula msanga, chalimba, chikumusasitsa mawu kapena kumuvutitsa pomeza ndi popuma, apite kuchipatala sabata yomweyo, ngakhale atakhala nacho zaka makumi awiri popanda vuto.